Kamdothi akanabadwira ku Mgona

Mabuku otsika mtengo mu Lilongwe sakhala pa shelefu, amakhala pansi. Mukatsika minibasi mu depoti n'kulowera cha kumsika waukulu, mupeza anyamata atawayala pa chiguduli, pafupi ndi ogulitsa nsapato za kaunjika ndi machaja a foni. Ambiri ndi a sukulu: Biology, masamu, mapepala akale a mayeso a MSCE. Koma mukanjuta n'kufukula bwinobwino, pansi pamatuluka zina. Ine ndinapeza Harry Potter wopanda chikuto, ndi kabuku ka Cinderella komwe mwana wina wa kunja anakalembalemba ndi kirayoni.

"Achimwene, a nthano zathu mulibe? Za Kalulu, kaya za Kamdothi?"

"Aaa achemwali, zimenezo sizibwera m'belo."

Ananena mosaseka n'komwe, ndipo sananame. Mabuku ambiri osangalatsa omwe mwana wa ku Kawale angawakhudze amafika kuno ngati malaya: wina anatopa nawo ku Ulaya kapena ku America.

Chomwe chinanditulutsa m'nyumba n'chakuti kunjako olemba apeza mgodi m'nthano zakale. Amatenga nthano yomwe aliyense akuidziwa n'kuiveka zovala zatsopano. Mu 2012 Marissa Meyer anatulutsa Cinder, momwe Cinderella ndi makaniko, ziwalo zake zina ndi zachitsulo, ndipo m'malo motaya nsapato kumaphwando a mfumu amataya phazi lenilenilo. Tomi Adeyemi anatenga milungu ya Ayoruba a ku Nigeria n'kulemba Children of Blood and Bone mu 2018, buku lomwe linagulidwa ngati mandasi a m'mawa. Ndiye ndinkafuna kuona: nanga ana a m'makomboni mwathumu nkhani zodabwitsa akuzipeza kuti, ndipo ndi za ndani?

Ku Kawale yankho limamveka usanalione. Cha kumasana, kuseri kwa timagolosale, sipika imakhala ikuphulika kuchokera m'kachipinda ka video show, chitseko chake nsalu yakuda. Mkatimo muli filimu ya ku China ya anthu ouluka pamwamba pa nsungwi, koma mawu ake ndi a mnyamata wa konkuno yemwe amamasulira m'Chichewa, n'kumathira nthabwala zake. Mfumu ya ku China ikukalipa ngati landilodi wa ku Biwi yemwe sanalandire renti. Ana omwe alibe ndalama yolowera amasuzumira pa mng'alu wa thabwa, mawu onse akuwadziwa pamtima.

Ine ndimawalemekeza omasulirawa. Akuchita zomwe agogo ankachita pa moto: kutenga nkhani yachilendo n'kuikhazika pakhomo. Akusowa chimodzi basi, nkhaniyo si yathu.

Akuluakulu pang'ono, a msinkhu wathu, zawo zili pa foni. Pa Facebook pali masamba a nkhani zotsatizana za m'Chichewa, ndipo anthu amatukwana ndithu gawo lotsatira likachedwa. Zambiri ndi zachikondi, apongozi ankhanza ndi mabwana olemera. Ena amatsitsa ma PDF kapena kuwerenga pa Wattpad bandulo ikalola. Choncho amene amati Amalawi sakonda kuwerenga akwere kaye minibasi ya ku Area 23 madzulo, aone mitu yowerama.

Si kuti olemba athu sanayesepo. Sikusinja ndi Gwenembe ya J.W. Gwengwe, yomwe makolo athu ambiri anaiwerenga kusukulu, ndi nthano yeniyeni yoikidwa m'buku: munthu wapha m'bale wake chifukwa cha nsanje, ndiye mbalame ikumulondola n'kumaulula. Malemu Steve Chimombo, yemwe anatisiya mu 2015, anathera zaka zambiri pa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Mu 2002 anatulutsanso The Bird Boy's Song, momwe anafotokozanso nthano ya mwana wamasiye yemwe kapolo anamulanda malo ake. Chosangalatsa n'chakuti Ajeremani ali ndi nthano yofanana nayo, ya mwana wa mfumu yemwe wantchito wake anamulanda ulemu n'kumusiya akuweta atsekwe, ndipo Shannon Hale anaisandutsa buku la achinyamata, The Goose Girl, mu 2003. Chimombo anatsogola ndi chaka chimodzi. Koma funsani pa chiguduli paja kuti ndi liti mwa awiriwa lingatuluke m'belo.

Mu Lilongwe momwemuno, Shadreck Chikoti anayambitsa Story Club, ndipo mu 2015 anatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Buku la nkhani zifupizifupi la Imagine Africa 500 linatulukanso kudzera ku Pan African Publishers, muli olemba monga Muthi Nhlema. Ndi ntchito yabwino, koma ili m'Chingerezi, ndipo si ya mwana wa Sitandade 6.

Za mwana wa Sitandade 6 ndinakazifuna ku City Centre, ku likulu la National Library Service. Laibulaleyi, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, inazungulira maboma kujambula agogo akusimba nthano m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo inasonkhanitsa nthano zoposa 200. Inayambitsanso zoti ana azisonkhana kudzamvera nthano pamalopo. Ndi chuma chimenecho. Vuto ndi mtunda. City Centre inamangidwira maofesi ndi anthu a magalimoto. Mwana wa ku Chinsapo kuti akafike ayenera kukwera kawiri, kupita ndi kubwera kanayi, ndipo palibe kholo lomwe lingachotse ndalama ya ndiwo kuti mwana akamvere za Kalulu.

Ku Chinsapo komweko ndi kumene ndinagona, kwa azakhali anga. Magetsi atazima cha m'ma 7 koloko, ana a pa lendi ponse anasonkhana pakhonde. Ndinayesa mwayi: "Padangokhala!" Awiri okha anayankha kuti "Tili tonse", enawo anangoyang'anana. Koma posakhalitsa anayamba okha kusimba zawo. Za ndege ya lichero yomwe akuti inagwa pa denga la wina mafuta atatha. Za bambo wa golosale yemwe akuti ali ndi ndondocha zomugwirira ntchito usiku. Za galimoto yakuda yomwe imaima pafupi ndi sukulu. Amasimba mwaluso, ndi mawu otsitsa, wina akulowetsapo pomwe mnzake waiwala.

Nthano sizinafe ayi, zinangosamukira m'tauni n'kusintha dzina. Pano zikutchedwa "akuti". Ndipo kusiyana kwake ndi koopsa. Nthano ya pa moto ili ndi chitseko: "padangokhala" amatsegula, pomaliza amatseka, aliyense akudziwa kuti fisi wolankhula watsala mkatimo. "Akuti" alibe chitseko, ndipo munthu wotchulidwayo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi.

Tikudziwa komwe zimathera. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha agogo anayi powaganizira kuti ndi omwe anatumiza mphezi yomwe inapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika pakhonde usiku.

N'chifukwa chake sindiwaseka azakhali anga, omwe ataona Harry Potter uja m'chikwama changa anati, "Mwanawe, zausatanazi usawaonetse anawa." Kwa mwana wa ku London, mfiti youluka pa tsache ndi sewero. Kuno mawu omwewo atha kuotchetsa nyumba ya gogo. Ngakhale Akata Witch ya Nnedi Okorafor, buku la 2011 lomwe ndimalikonda, la mtsikana wachialubino wa ku Nigeria yemwe amatulukira kuti ali ndi mphamvu zodabwitsa, ndimaliwerenga mtima uli m'mwamba. M'dziko lino anthu achialubino aphedwa chifukwa cha bodza lakuti m'matupi mwawo muli zizimba. Wolemba wa kuno sangangokopera za kunja n'kusintha mayina. Ayenera kudziwa moto womwe akuseweretsa. Koma kungokhala chete nakonso kukusiyira "akuti" bwalo lonse.

M'mawa ndinakwera ya ku Area 25 n'kutsikira ku Kanengo, komwe nkhokwe zazitali za chimanga zimaonekera patali ndipo nyengo ya malonda mpweya umanunkha fodya. Kuseri kwa mafakitalewo kuli Mgona. Tinjira take n'topanikizana moti kabaza amachita kupempha njira, azimayi ali pa mphasa kusenda ndi kusankha mtedza, ndipo nyumba zambiri ndi za zidina, malata opsinjidwa ndi miyala. Makoma ena anadyeka m'munsi, pomwe madzi a mvula ya chaka chatha ankadutsa.

Pamenepo m'pomwe ndinakumbukira Kamdothi bwinobwino. Mayi wopanda mwana aumba mwana ndi dothi, mwanayo akhala wamoyo, koma lamulo ndi limodzi: mitambo ikada, athamangire kunyumba. Tsiku lina apita kutali ndi anzake, mvula imupeza panjira, n'kusungunuka mayi ake akuona. Kumudzi nthanoyi inkatha ndi chenjezo kwa ana osamvera. Koma ku Mgona nyumba yomwe Kamdothi akuthawirayo nayonso ndi yadothi. Mayi ake ali pa ganyu ya mtedza, foni yatha moto, sangamuitane. Athawire kuti? Pansi pa shedi ya fakitale, pomwe mlonda amathamangitsa ana? M'minibasi, pomwe kondakitala akufuna ndalama? Ndani mwa anzake angavule jumbo ya mabuku n'kumufunditsa?

Ndinawafotokozera zimenezi ana atatu omwe ankaumba timagalimoto ta dothi m'mphepete mwa ngalande. Wamkulu, wa zaka mwina 10, anaganiza kaye, kenako anati vuto si mvula, vuto ndi mayi akewo.

"Akanangomuotcha pa uvuni wa njerwa. Akanalimba."

Mnzake anakana, akuti akanafa ndi moto. Wachitatu anati amupake simenti. Ndinawasiya akukangana, minibasi ya ku Nsungwi ikuitanira, kumwamba cha ku Dowa kutayamba kuda.