Mlendo wa m'Mafupa

Ine ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndimaigwira ku Britain, m'chipinda cha odwala amene, khansa ya m'magazi itawafikitsa pakhomo la manda, amawathira maselo a munthu wina kuti mafuta a m'mafupa mwawo ayambenso kubala magazi. Njirayi anailambula ndi Dokotala E. Donnall Thomas wa ku Seattle, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1990. Koma chimene ine ndachiona pambali pa kama wa wodwala n'chakuti tsiku lothira maselowo, limene timalitcha tsiku la ziro, silivuta konse, pakuti amangolowa ndi dripi. Masautso ali m'masiku 100 otsatirapo.

Popeza mankhwala aukali amakhala atapha kale mafuta akale, wodwala amatsala wopanda chitetezo, m'kamwa muli zilonda zoti ngakhale malovu samezeka. Thupi likangotentha kufika pa madigiri 38, timatenga magazi okapima ndi kupereka mankhwala opha tizilombo ola lisanathe, osadikira zotsatira.

Komatu kutentha thupi kuli ndi eni ake ambiri, ndipo luso lathu lagona pa kuwasiyanitsa. Pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, pamene maselo atsopano ayamba kugwira, ndipo oyera olimbana ndi matenda afika 500 pa mikrolita masiku atatu otsatizana, ena amatentha, natuluka zidzolo, nabanika ndi madzi m'mapapo, popanda kachilombo kalikonse. Amenewa amamva mankhwala a steroid. Chifukwa chake sindipeputsa sikelo, ngakhale ili chida chonyozeka pakati pa makina onsewo. M'mawa ndi madzulo ndimamkweza wodwala pamenepo, ndimazunguliza tepi pamimba pake, ndimayang'ana ngati mphete yayamba kuthina chala, ndi kutsitsa chikope kuti ndione ngati diso layamba chikasu. Pakuti akalemera msanga, nadandaula kupweteka kunsi kwa nthiti za kumanja, ndiye kuti timitsempha ta m'chiwindi tikutsekeka, vuto limene kawirikawiri limadza masiku 21 asanakwane, ndipo defibrotide amathandiza akafulumira naye.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwambiwu sindinaumvetse kwina monga muno. Maselo a wopereka uja, poona kuti thupi limene alowamo si lawo, amaliukira. Madokotala amati GVHD. Maselowo amayamba ndi khungu, ndipo n'chifukwa chake popereka moni ndimati, "Bambo, tatambasulani manja ndione," pakuti kufiira kwa zikhatho, kwa kunsi kwa mapazi ndi kuseri kwa makutu ndiko mthenga woyamba. Pa khungu lakuda sikuoneka msanga, ndipo pamafunika kuwala kwabwino ndi kufunsa ngati pakuyabwa kapena kuwotcha. Akafika m'matumbo, munthu amatsegula m'mimba madzi obiriwira oposa lita pa tsiku, ndipo ife timayeza zonsezo m'jagi mosanyansidwa, pakuti muyeso umenewo ndiwo umauza dokotala kukula kwa nthendayo. Timatchinjiriza ndi ciclosporin ndi methotrexate. Ikabuka, steroid amachiza pafupifupi theka la odwala, otsalawo timayesa ruxolitinib. Amene tawagwira nthendayo ikadali pakhungu, ambiri amapita kwawo. Amene yawalowa m'matumbo nikana mankhwala, ambiri tawalira. Ndipo sitingambwezeretu mlendoyo, popeza kalumo komweko ndiko kamadula khansa yotsala.

Ukali wa mlendoyu umachepa pamene wopereka afanana kwambiri ndi wolandira. Pa abale a mimba imodzi mwayi wofanana ndi umodzi pa anayi, ndipo amene alibe wotero amadalira kaundula wa anthu odzipereka, m'mene ife a ku Africa tili ochepa momvetsa chisoni, kotero kuti ndaona ana a kwathu akudikira miyezi nthenda ikukula. Inu abale okhala kuno ku Britain, a zaka 16 mpaka 30, bungwe la Anthony Nolan, limene linayamba mu 1974, likulemba maina. A ku Johannesburg ndi Cape Town muli ndi South African Bone Marrow Registry. Polembetsa amangopukuta m'kati mwa tsaya ndi kathonje. Chonde, pitani mukalembetse.