Polise imagona kapena imafa?

Bambo atamwalira, tinapeza chikalata cha inshuwalansi ya moyo m'sutikesi yawo, pansi pa satifiketi zathu za sukulu. Amayi anachipukuta fumbi mosamala, n'kuchikulunga m'chitenje. Titapita nacho ku ofesi ya kampaniyo, anatiuza kuti pangano linatha kalekale. Ndalama zinkadulidwa pamalipiro a bambo, ndipo atapuma pantchito kudulako kunaleka. Palibe anawauza kuti tsopano azikalipira okha. Tinabwerera chimanjamanja.

Chaka chino, popeza ndine amene ndikusamala amayi ndi kulipirira mng'ono wanga sukulu, ndinaganiza zogula yanga. Amayi anadzuma: "Mwanawe, ukudziitanira imfa?" Sindinawaseke. Dzina lenilenilo la inshuwalansi ya moyo ndi lozembaitsa, pakuti chinthucho chimalipira pa imfa, ndipo anthu athu sapusitsika ndi mawu otere. Kaya abale a ku Chipata ndi ku Tete mumachitchula bwanji, ndingakonde kumva.

Ndinadziikira muyeso umodzi wokha: ejenti aliyense afotokoze polise yake m'Chichewa, amayi ali pomwepo.

Woyamba anali mnyamata wovala suti, wa pakamwa pofewa. Zonse zinkayenda bwino mpaka nditamufunsa tanthauzo la mawu oti lapse. Anamwetulira n'kunena kuti, "Imangogona pang'ono, bwana." Kugona! Wogona amadzuka yekha m'mawa. Ya bambo inagona chotero, ndipo sinadzuke. Amene wasankha mneni ameneyu, mwina sakudziwa malonda ake, mwina akuwadziwa bwino kwambiri. Sindinamuimbirenso.

Wachiwiri anali mayi wachikulire, amene anayamba n'kulonjera amayi ndi manja awiri. Ndisanafunse, anaonetsa chiphaso chake. Kuno ku Malawi ziphaso zotere zimachokera ku Reserve Bank of Malawi. A ku Zambia muli ndi Pensions and Insurance Authority. Anaulula kuti iye ndi ejenti wa kampani imodzi ndipo amadyera komishoni, choncho ndikafuna woyerekeza makampani angapo ndikapeze broker. Za lapse anati, "Mukaleka kulipira, amakudikirani masiku owerengeka. Akatha, pangano lafa. Kulidzutsa n'kotheka nthawi zina, koma mwini wake akali moyo." Amayi anagwedeza mutu, maso ali pansi.

Anandilangizanso kuti ndisabise matenda polemba fomu, kuopa kuti kampani ingadzakane kulipira, ndiponso kuti ndalama ndizilipira ku kampani, osati m'manja mwake. Anakumbutsa mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kunena kuti ndalama yooneka yambiri lero idzakhala ya ndiwo pakadzatha zaka makumi awiri ngati sindimaionjezera. Wogulitsa amene amatchula yekha chilema cha katundu wake ndimamukhulupirira.

Funso lomaliza linachokera kwa amayi, amene anaona ndi maso awo katundu wa m'nyumba akunyamulidwa maliro asanazizire: "Nanga abale akadzabwera?" Mayiyo anawaonetsa mzere wolembapo dzina la wodzalandira, n'kuwafotokozera kuti kampani imapereka kwa wolembedwayo, ndipo dzinalo ndingalisinthe ndikadzakwatira.

Ndinasaina Lachisanu lotsatira. Chikalatacho chili m'sutikesi yomwe ija, ndipo pa envelopu yake amayi alembapo ndi bolopeni tsiku lolipira. Mwezi uliwonse likamayandikira amaimba foni.