Njere za mbawa zikungoseseredwa ku Capital Hill

Munthu ukachoka ku Old Town masana a mwezi wa Okutobala, n'kutsata msewu wa Kenyatta kulowera ku City Centre, dzuwa limakupeza popanda pothawira. Kale njira imeneyi inali ndi mitengo ikuluikulu uku ndi uku. Yambiri inagwetsedwa mu 2021 pofuna kukuza msewu, ndipo anthu anadandaula pa wailesi ndi pa Facebook. Msewu wotakasuka tinkaufunadi, sindikukana, koma woyenda pansi ndi wakabaza ndiwo akulipira ndi thukuta.

Ukadutsa nyumba ya malamulo ndi chiliza cha Kamuzu n'kuyandikira Capital Hill, kamphepo kamasintha. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, omanga mzindawu anasiya mipata pakati pa maofesi kuti mitengo ipeze malo. Mthunzi umene ogwira ntchito m'maunduna amadyerapo chimanga chootcha masana unadzalidwa ndi anthu omwe ambiri a iwo lero kulibe.

Chimandiwawa ndi chimene chimachitika pansi pa mitengoyo. M'chilimwe mbawa zimagwetsa njere zankhaninkhani, osesa n'kuziunjika pamodzi ndi masamba, machesi khwee! Dzinja likafika, tomwe tija tili pamzere kugula mbande za bulugama ndi keshya. Ine ndikamayenda m'misewu ya kumeneku ndimatenga kajumbo, ndipo alonda ena anazolowera kundiona nditawerama ngati ndataya ndalama.

Kufesa mbawa sikufuna sukulu. Chipatso chake ndi chozungulira, cholimba ngati thabwa, ndipo chikauma chimang'ambika panayi kapena pasanu n'kutulutsa njere zopyapyala, zofiirira, zokhala ndi kaphiko m'mbali monse. Tolani zonenepa pakati, zosabooledwa ndi tizilombo. Chinsinsi chake n'chimodzi: musasunge. Njere ya mbawa sichedwa kufa, moti ikagona m'kabati miyezi ingapo mudzathirira dothi lokhalokha. Sifunanso kunyika m'madzi otentha kapena kuicheka khungu monga tichitira ndi mthethe ndi msangu.

M'chubu ikani dothi lakuda la pamwamba, mchenga pang'ono ndi manyowa owolerana bwino. Amene alibe machubu, mapepala a shuga oboola pansi amagwira ntchito yomweyo. Njere igone chafulati, mukwirire pang'ono chabe, kenaka muike pamthunzi wa udzu ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo. Pakatha milungu iwiri kapena inayi timasamba timayamba kuoneka, tofiirira poyamba, ndipo amene sadziwa amaganiza kuti mbande zapsa. Muzisuntha machubu kawirikawiri kuti muzu usalowe pansi. Kukatsala milungu yochepa kuti muwokere, chepetsani madzi ndi mthunzi kuti zizolowere mavuto a kumunda. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kuno ku Lilongwe amene wadikira mpaka Malichi wachedwa: mvula ikatha mizu isanagwire, mbande sidzaona Okutobala.

Adani ake ndi mbuzi, moto wa osaka mbewa, ndi kambozi kamene kamaboola nsonga, mtengo n'kuchita mphanda usanatalike. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba zimafuna mpanda ndi kupalira. Ukapyola pamenepo umadzisamala wokha.

Pokawoka ndiye pofunika kuganiza. Mbawa imatalika kupitirira mamita 30, choncho si mtengo wa pakhonde kapena pafupi ndi thanki ya chimbudzi. Pa kapuloti ka ku Area 25 ingakuyambanitseni ndi aneba. Malo oyenera alipo ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, komwe mapuloti ndi aakulu ngati minda, ngakhale eni ake ambiri masiku ano akuthira simenti bwalo lonse n'kuimika timitengo takunja topanda ndi mthunzi womwe. Aliponso m'masukulu, m'matchalitchi, kumanda, ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, poti mbawa kwawo n'kumadzi.

Chaka chino ndafesa machubu 40, ndipo 31 amera. Khumi ndalonjeza mpingo wathu. Otsalawo akudikira mayankho a aphunzitsi aakulu awiri omwe ndinawalembera makalata mwezi watha, ndipo onse ndawauza kuti mbande ndipereka ulere akayamba amanga timipanda.