Khutu la Sewero, Diso la Kamera

Ntchito yanga ndi yoika mawu m'kamwa mwa anthu. Ndinayambira pa zisudzo za kusukulu ndi za kutchalitchi kuno ku Mwanza, ndipo pano ndimalemba mafilimu aafupi amene timajambula ndi anyamata pa boda pompano.

Khutu langa linakulira pa wailesi ya MBC, pa Kapalepale ndi Pamajiga, kenako pa Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi. Pa wailesi chilichonse chimadzera pakamwa: mlendo sanafike mpaka atanena kuti "Odi!" Pa siteji n'chimodzimodzi. Wokhala kumapeto kwa holo sauona msozi, choncho wosewera ayenera kuulankhula. Du Chisiza Jr., amene anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, ankagwira anthu mtima ndi mawu amphamvu, ndipo ambirife tinatengera pomwepo.

Kamera siifuna zonsezo. Taganizani mayi akuperekeza mwana wake wokwera basi ya ku Joni, imene idutse ku Zobue, ku Tete ndi ku Nyamapanda. Pa siteji ndingamupatse tsamba lathunthu la malangizo ndi madandaulo, anthu n'kuwomba m'manja. Pa filimu amangotsegula zipi ya chikwama cha mwanayo, n'kukankhiramo manachesi, n'kunena kuti, "Pasipoti uisunge m'kati." Zotsalazo zimanenedwa ndi zala zake zimene zikukanika kutseka zipi. Kufufuta tsamba lija kumawawa, pakuti nthawi zambiri ndi lomwe ndalikonda kwambiri.

Koma chilipo chimene ndimabwera nacho kuchokera ku sewero, ndipo sindingachisiye: kudziwa kuti munthu aliyense ali ndi kalankhulidwe kake. Wosintha ndalama pamsewu amalankhula mothamanga, makwacha, marandi ndi mametikali zili pakamwa pamodzi, Chipwitikizi n'kumagweramo. Dalaivala wa thiraki amene wagona pamzere kudikira mapepala a katundu amayankha ndi liwu limodzi. Mkamwini sauza apongozi ake kuti "mwalakwa". Amayamba ndi za mvula, nkhani n'kuifikira chozungulira. Mkazi akasiya kunena kuti "bambo a mwana" n'kutchula mwamuna wake dzina, woonera wa kuno amadziwa kuti banja lagwedezeka. Zimenezi kamera singakupatseni. Zimachokera kwa wolemba amene anamvapo holo ikuseka kapena ikukhala chete pa mzere umodzi.

Mafilimu a Shemu Joyah, monga Seasons of a Life wa 2008 ndi The Last Fishing Boat wa 2012, anationetsa kuti nkhani ya ku Malawi ingathe kuyenda ndi zithunzi. Chimene chimandidandaulitsa ndi achinyamata amene amalemba zokambirana m'Chingerezi n'kuzitembenuzira m'Chichewa tsiku lojambula. Zotulukapo palibe munthu wa ku Mwanza angazinene.

Inu amene mukufuna ntchitoyi, kakhaleni pa depoti kapena pamsika, mumvetsere mmene anthu amanenerera mitengo ndi mmene amatsanzikirana. Mukalemba, muwerenge mokweza pamaso pa osewera anu, ndipo mzere umene ukuwakola pakamwa muuchotse.