Bwinja la ku Kastri

Tsiku lina tikuphunzira mbiri ya Agiriki akale, aphunzitsi anatiyendetsera buku la zithunzi za ku Delphi. Anzanga ankasirira nsanamira za kachisi wa Apollo, koma ine maso anga anakakamira pa chithunzi china chakale. Pa chithunzicho panali tinyumba tamiyala tothithikana m'mbali mwa phiri la Parnassus, ndipo kunsi kwake kunali dzina loti Kastri. Nditafunsa za mudziwo, aphunzitsi anayankha mwachidule kuti, "Unasamutsidwa." Yankho limeneli linandisowetsa mtendere.

Kalekale Delphi anali malo opatulika kwambiri. Mafumu ndi anthu wamba ankachokera kutali kudzaombeza kwa wansembe wamkazi wotchedwa Pythia, ndipo Agiriki ankati malowa ndiwo mchombo wa dziko lapansi. Chikhristu chitafala, chipembedzo chakale chinaletsedwa m'zaka za m'ma 390, kachisi n'kusanduka bwinja. Dothi ndi miyala yogumuka m'phiri zinakwirira zonse. Pamwamba pake anthu anamanga mudzi wa Kastri, ndipo makoma a nyumba zawo zina anali a miyala ya m'mabwinja omwewo. Mlendo wina wa ku Italy, Cyriacus wa ku Ancona, anafikako mu 1436 nakopera malemba amene anaona pamiyala.

Paja akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Akatswiri ofukula zakale anadziwa kuti chuma chili pansi pa nyumba za anthuwo. Mu 1870 chivomezi chinawononga mudziwu kwambiri, ndipo mu 1891 boma la Greece linalola Afalansa kuti akumbe. Dziko la France linatulutsa ndalama zolipira eni nyumba, mudzi n'kumangidwanso chakumadzulo pang'ono, pamene pali tauni ya Delphi ya masiku ano. Ntchito yokumba inayamba mu 1892 motsogoleredwa ndi Théophile Homolle. Anthu sanachoke ndi mtima woyera. Anakangana ndi okumbawo pa nkhani ya chipepeso, mpaka asilikali anabwera kudzalondera ntchitoyo.

Sindingakane kuti zimene zinatuluka m'nthakamo n'zamtengo wapatali. Mu 1893 anapeza nyimbo zotamanda Apollo zozokotedwa pamwala pamodzi ndi zizindikiro za maimbidwe ake. Mu 1896 anafukula chifanizo chamkuwa cha mnyamata woyendetsa galeta la akavalo, chopangidwa zaka zoposa 2,400 zapitazo, maso ake akadali m'malo mwake. Mu 1987 bungwe la UNESCO linaika Delphi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ineyo ndinalembapo mayeso pa zinthu zimenezi, ndipo ndinakhoza bwino.

Komabe chikumbumtima chimandivuta. Agogo anga aakazi sankadutsa pa bwinja la makolo awo osaima. Ankandilozera pamene panali nkhokwe, pamene panali mtondo, ndi pamene anabadwira. Kwa ine panali thengo chabe, koma kwa iwo mudzi unali ukadalipo. Ndimaganiza za mayi wachikulire wa ku Kastri amene anaona khonde lake likugwetsedwa kuti pansi pake paoneke mwala wa anthu amene sanawadziwe. Kodi iye akanalozera chiyani adzukulu ake, poti ngakhale bwinja lake linakumbidwa n'kutayidwa?

Mayina a Apollo, Pythia ndi Homolle ndinawaloweza chifukwa cha mayeso. A anthu a ku Kastri palibe anandifunsa. Sindikunena kuti kukumbako kunali kulakwa, pakuti popanda iko sindikanamva za nyimbo zija. Ndikungoti mbiri ya pa phiri lija ili ndi midzi iwiri, ndipo ife ophunzira timaphunzitsidwa umodzi. Nditabweza bukulo, ndinalemba dzina la Kastri pachikuto cha kope langa, pamwamba pa la Delphi, monga momwe midziyo inakhalira.