Chitseko chikakana, musathamangire chitsulo

Kwathu kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, kufupi ndi Nyanja ya Chiuta ndi malire a Mozambique, kuchapa kunali ndi tsiku lake. Loweruka m'mamawa amayi ndi achemwali ankamanga zovala za banja lonse m'chitenje n'kusenza, ife ana tikutsatira ndi beseni ndi chidutswa cha sopo wa Sunlight. Mtanda wathunthu sunkachoka pakhomo, ankaudula ndi mpeni kuti ufike kumapeto kwa mwezi. Kumadzi aliyense ankadziwa mwala wake. Chovala ankachinyika, kuchipaka sopo, kuchimenya pamwala, kutsukuluza, kufinya, n'kuyanika pa udzu. Madzulo ankakoleza makala a m'simbi, pakuti chovala choyanikidwa pansi ukachivala chosasita, pakhungu pankatuluka mphutsi.

Ntchitoyi inali yowawa, tisanamizane. Msana unkaphwanya, zala zinkasupuka, ndipo ana ambiri likodzo ankalitengera komweko posambira podikira makolo. Komabe pamwala m'pamene mudzi unkamvera nkhani zake: mwana wa uje akupita ku jando chaka chino, mpunga wakwera mtengo ku Ntaja, auje amuna awo sakulembanso kalata.

Kusintha koyamba kunabwera ndi mijigo. M'zaka za m'ma 1990, MASAF ndi mabungwe ena atayamba kukumba mijigo m'midzi, ulendo wa kumtsinje unafupika. Pambali pa mijigo ina anamangapo ndi pochapira pa simenti. Sopo waufa anayamba kupezeka m'timapaketi ta pa okala. Koma nthawi yomweyo kaunjika anadzaza misika, moti mwana amene kale anali ndi malaya awiri anayamba kukhala ndi thumba lathunthu. Madzi anayandikira, zochapa n'kuchuluka, ndipo manja ochapawo anali omwe aja, a amayi ndi atsikana.

Kusintha kwachiwiri kunachokera ku Joni. Kwathuko n'kovuta kupeza banja lopanda mwana kapena mlamu ku South Africa. Poyamba ankatumiza njinga, mawailesi ndi mabulangete. Kenako anayamba kutumiza mafiriji, masola ndi ma TV, zonse zikudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza m'ngolo za matransipota. Makina ochapira amene ali m'nyumba mwanga ku Balaka anadzera njira yomweyo. Achimwene anawagula ogwirapo kale ntchito, a chitseko chagalasi chakutsogolo, opanda kabuku kake. Pulagi yake inali ya mano atatu ozungulira a ku Joni, ndiye tisanachape n'kamodzi komwe tinayamba tasintha n'kuika ya kuno.

Amayi atabwera kudzacheza, ndinawauza kuti apume, zovala zawo azisiye kwa makina. Anakhala pampando n'kumayang'ana zitenje zawo zikuzungulira kuseri kwa galasi. Zili pakati, magetsi anathima. Atayakanso madzulo, makina anangoima, madzi ali phaa m'kati, timalemba tikuphethira, chitseko osatseguka. Mawa lake linali Lachisanu, ndipo chovala chawo cha kumzikiti chinali momwemo.

“Iwe, chinthu chakochi chandilanda zovala?”

“Ayi amayi, chibweza. Tingochipatsa nthawi.”

“Mwala sunandilandepo kanthu ine.”

Mnansi wina anabwera ndi sikuludiraiva kuti tingokanula. Mwamwayi, mmisiri amene ndinamuimbira foni anakaniza zimenezo, n'kundifotokozera zomwe ndikuona kuti aliyense wolandira makina otere ayenera kudziwa.

Chitseko chimakiyidwa dala. M'kati mumakhala madzi, nthawi zina otentha, ndipo mgolo wake pofinya umazungulira maulendo 1,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, liwiro lotha kuthyola dzanja la mwana. Pa makina ambiri loko ali ndi kachitsulo kamene kamapindika kakatenthedwa ndi magetsi, n'kugwira chitseko. Kuchapa kukatha, kachitsuloko kamafuna mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kazizire. Anthu ambiri amathyola chogwirira m'mphindi zimenezi chifukwa cha phuma chabe. Choncho choyamba ndi kudikira. Zikakanika, zimitsani makina, zulani pulagi, papite mphindi zisanu kapena khumi, muyatsenso.

Chachiwiri ndi madzi. Makina akamva kuti m'mimba mwake mudakali madzi, salola chitseko kutseguka, kuopa kudzaza nyumba. Muwauze apope madziwo ndi kufinya. Akakana, ndiye kuti njira ya madzi yatsekeka. Kumunsi, kutsogolo, kumakhala kachitseko kakang'ono, ndipo kuseri kwake kuli sefa komanso, pa makina ambiri, kapaipi kotulutsira madzi. Mutazula pulagi ndi kudikira kuti madzi azizire, tcherani beseni losaya, tulutsani madziwo pang'onopang'ono, kenako potokolani sefayo. Mwathu tinapezamo ndalama yachitsulo ya K10, pini ya mpango ndi ulusi wa m'mphepete mwa chitenje wopiringizana. Titachotsa n'kuyatsa, loko anangoti khethe, chitseko n'kutseguka. Amayi anatenga chovala chawo osanena kanthu, n'kukachitsukuluza okha m'beseni.

Vuto limabweranso mwa mtundu wina: chitseko kukana kukiyika, makina osayamba n'komwe. Opanga amalemba mosiyana, a LG amaonetsa dE, a Samsung dC kapena dE, koma uthenga wake ndi umodzi, wakuti chitseko sichinagwire. Kawirikawiri kansalu kapanikizika pa labala wa pakhomo, kapena mwathithikiza bulangete lalikulu limene likukankha galasi. Mwinanso mahinjesi analendewera ndi mabampu a pamsewu wochokera ku Joni, mwakuti dzino la chitseko likuphonya pabowo pake. Mukaona CL, palibe chawonongeka: ndi loko woletsa ana kuseweretsa mabatani, ndipo amachoka mukadina mabatani ake kwa kanthawi. Zonsezi zikalephera, kapena mukamva fungo la kupserera, pamenepo mpofunika mmisiri, chifukwa loko amapsa ndipo amasinthidwa. Kusintha loko n'kotchipa kusiyana ndi kufunafuna chitseko chathunthu m'mashopu a ku Limbe.

Chimene ndinaona pa zonsezi n'chakuti kale kuchapa kunkafuna mphamvu ndi nthawi, lero kukufuna magetsi, madzi a m'mpope ndi chidziwitso. Zitatuzi kwathu kuno sizibwera pamodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi, ambiri a iwo m'tauni. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunafika poipa. Mu 2018 damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limamwetsa Balaka, linaphwa, mipope n'kuuma. Makina achitseko chakutsogolo anapangidwira nyumba imene magetsi sathima pakati pa ntchito ndiponso madzi amathamanga mwamphamvu. Kuwaika m'nyumba zathu kuli ngati kugula ng'ombe yamkaka ulibe msipu.

Sindikunyoza makina ayi. Ndaona mkazi wanga akuwerenga ndi ana Loweruka m'mawa, nthawi imene amayi anga ankaithera ataweramira mwala. Ndaonanso mabulangete a wodwala akuchapidwa popanda wina kusupula manja. Amene amalakalaka masiku a kumtsinje nthawi zambiri ndi ife amuna, amene sitinkachapa. Koma kwa Ngokwe lero, mayi wamba chimene chamupepuza ndi mjigo wapafupi, ndipo umenewo ukawonongeka, komiti n'kusowa ndalama yokonzera, amabwerera ku dambo ndi mtolo pamutu monga kale. Kwa iye, mjigo wogwira ntchito chaka chonse ndi nkhani yaikulu kuposa makina alionse.

Kwa inu muli ku Joni amene mukuganiza zotumizira makolo kapena akazi anu makina, yambani mwafunsa za madzi ndi magetsi a pakhomopo. Ngati madzi ndi otunga, tumizani a migolo iwiri aja: mumathira ndi ndowa, alibe loko wa pochapira, ndipo magetsi akathima mumangovuula zovala n'kumaliza pamanja. Ngati mwasankha achitseko chakutsogolo, mangitsani mgolo wake ndi mabawuti a paulendo, ikanimo kabuku kake, ndipo muwonjezere kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Nanunso olandira, tsukani sefa ija kawirikawiri, pisani m'matumba musanachape, ndipo chitseko chikakana, dikirani, tulutsani madzi, musachikanule.