Galu wakwera njinga ku Milange

Ku Milange kuno, m'dziko la Mozambique, njinga imanyamula chilichonse. Imanyamula matumba a chimanga kupita nawo kumalire a Muloza, makala ochokera kumidzi ya ku Majaua, malata, nkhumba yomangidwa miyendo ikulira njira yonse, mbuzi, mayi wodwala, ngakhale bokosi la maliro. Koma pa ubwana wanga wonse panali chiweto chimodzi chimene sichinkakwera njinga, ndicho galu. Malo ake anali kumbuyo kwa tayala, m'fumbi, lilime lili panja. Lero ndili ndi imvi, ndipo galu ndamuona ali phee m'dengu pa kaliyala, winanso ali m'kangolo kokokedwa ndi njinga. Ambiri akaona zimenezi amaseka. Ine ndimaona kuti pali chinthu chachikulu chimene taphunzira, ndipo tachiphunzira ndi misozi.

Bambo anga ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine. Anali ndi njinga yakuda ya Humber, ndipo m'mudzi mwathu eni njinga unkatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Lamulungu masana ankaitembenuza, matayala m'mwamba, n'kumapukuta sipoko imodziimodzi ndi kansanza konyowetsa ndi parafini. Analinso ndi galu wofiirira, wamakutu oima, dzina lake Adzatopa. Bambo akangotulutsa njinga m'nyumba, iye anali atadzuka kale. Ankawatsatira kumsika, kumaliro, kutchalitchi, n'kukagona pansi pa mtengo pamene njinga yatsamizidwa. Palibe akanaikhudza njingayo iye ali pamenepo.

Tisanamizane kuti makolo athu ankadana ndi agalu. Ankawadziwa bwino kwambiri. Galu ndiye ankathamangitsa anyani m'chimanga cha m'mphepete mwa phiri. Tchire likapsa, uzimba wopanda agalu sunali uzimba, ndipo galu wogwira kalulu ankapatsidwa matumbo ndi mutu, dzina lake n'kumatchulidwa pamowa. Akulu ankati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo akauwa usiku mwa mtundu wina bambo ankadzuka ndi nkhwangwa m'manja. Koma galuyo ankadya mkute ndi phala la gaga, ankagona pakhonde kapena paphulusa, ndipo akalowetsa mutu m'nyumba ankamva "choka!" Akadwala ankadya udzu, achire kapena afe. Mbuzi inkakwera njinga chifukwa inali kupita kumsika, ndipo ikaonda panjira mtengo unkatsika. Galu analibe mtengo. Kagalu unkangopempha kwa mnzako, ukafuna kuthokoza n'kumupatsa nkhuku.

Nkhondo inatilanda zonse ziwiri, njinga ndi galu. Njinga inatengedwa ndi anthu amfuti tsiku lina bambo akuchokera kumunda, ndipo anabwera wapansi, osayankhula. M'chaka cha 1986, pamene tauni ya Milange inagwa m'manja mwa Renamo, tinathawa usiku kulowera ku Mulanje pamodzi ndi anthu miyandamiyanda. Akuluakulu anagwirizana kuti pasapite galu ndi mmodzi yemwe, chifukwa kuuwa kumodzi kokha kukanaulula gulu lonse. Amayi anamanga Adzatopa kumtengo wa mango ndi luzi lofewa, loti akalitafuna lidzaduke ife titafika kutali, ndipo anamusiyira mkute wonse umene unali m'nyumba. Sanalire, anangotiyang'ana. Sitinamuonenso. M'misasa ya othawa nkhondo munalibe woweta galu, pakuti ufa umene tinkalandira sunkakwanira ndi ana omwe.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera chaka chotsatira. Tinapeza tiyi atakula ngati mitengo ya m'nkhalango, nyumba zopanda madenga, milatho yothyoka. Chinthu choyamba chimene munthu ankagula akagulitsa mbewu chinali njinga. Zinali za Hero ndi Avon zochokera ku India, ndi Phoenix ya ku China, zambiri zogulidwa kumsika wa Limbuli tsidya la Malawi. Nthaka ya kuno ndi yachonde, ndipo njala itavuta ku Malawi mu 2002 ndi mu 2005, chimanga cha ku Milange chinawoloka malire pa njinga usana wonse. Anyamata ankawotcheretsa kaliyala wachitsulo chokhuthala, kuika sipoko zonenepa, n'kumanga matumba atatu kapena anayi a makilogalamu 50, kenaka n'kumakankha pachitunda thukuta lili kamukamu. Kabaza anabadwira momwemo. Njinga inasiya kukhala ya olemera okha, inasanduka khasu lachiwiri la banja lililonse.

Agalu nawo anabwerera, ndipo anachuluka kuposa kale, chifukwa tsopano panali nkhokwe, magolosale ndi njinga zofunika mlonda. Koma uzimba unali utachepa pamodzi ndi tchire, ndipo agalu ambiri ankangoyendayenda m'misika ndi kumadzala. Ndi m'zaka zimenezo pamene ndinaona chiwewe ndi maso anga. Mwana wa mnansi wathu, mtsikana wa sukulu ya pulayimale, analumidwa pakatumba ndi kagalu kachilendo kamene kanalowa pabwalo. Bala linali laling'ono. Analitsuka pang'ono, anapakapo mankhwala azitsamba, linapola, ndipo tonse tinaiwala. Patapita milungu ingapo anayamba kutentha thupi, kenaka kubwebweta. Amayi ake akabweretsa madzi m'chikho, mwanayo ankalakalaka kumwa koma khosi linkakana, thupi lonse n'kumanjenjemera. Anamutengera kuchipatala pa njinga, atamumangirira ndi chitenje kumsana kwa amalume ake. Kumeneko anati nthawi yatha. Pamaliro anthu ankanong'onezana za ufiti, ndipo mabanja awiri anasiya kupatsana moto.

Zimene tikanafunika kudziwa tsiku limenelo ndi zochepa. Chiwewe chimalowa m'thupi ndi malovu a nyama yodwala, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika kuubongo. Zizindikiro zikayamba, pafupifupi palibe amene amachira. Koma zisanayambe, moyo umapulumuka: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, ndi kumaliza jakisoni zonse. Katemerayu si watsopano, Louis Pasteur anamuyesa koyamba pa munthu mu 1885. Komabe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Ana ndiwo ali pangozi kwambiri, chifukwa ndiwo amasewera ndi agalu, ndiponso amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa.

Kuno timamvera wailesi za mbali zonse ziwiri, ya Thumbine yathu ndi za ku Malawi, motero tinamva pamene bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe. M'masiku 20 okha anabaya agalu oposa 35,000, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Chinthu chimodzi chimene anapeza kumeneko ndi chimene aliyense wa kumudzi akanawauza: malo obayira akatalika, obwera ndi agalu amachepa. Kwathu kuno alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, kawirikawiri cha mu Seputembala pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe pa 28, amakhala pasukulu, pamsika kapena kwa mfumu. Kwa amene ali kuseri kwa phiri umenewo ndi ulendo. Galu wosazolowera chingwe amakana kuyenda, amagona pansi, amadziguguda. Galu waana sangasiye ana ake, ndipo tiagalu sitingayende mtunda wotere. Apa ndi pamene galu anakwerera njinga.

Woyamba amene ndinamuona akukweza agalu anali mdzukulu wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka ngati 12. Anatenga dengu lonyamulira nkhuku, anayala chiguduli pansi pake, anaikamo tiagalu tiwiri, n'kuvindikira ndi ukonde wakale kuti mpweya uzilowa. Dengulo analimanga pa kaliyala ndi malegeni mopingasa, n'kuligwedeza ndi dzanja kuti aone ngati lalimba. Make wa tiagaluto ankatsatira pambali, mphuno ili padengu, ndipo mnyamatayo ankapalasa pang'onopang'ono kuti asamutopetse. Pobwera anali ndi kakhadi ka katemera m'thumba la malaya, ndipo anakapatsa agogo ake kuti akasunge m'chitini momwe amasungamo makhadi a kusikelo. Nditaona kakhadi ka galu kali pamodzi ndi makhadi a ana, ndinadziwa kuti m'banjamo mwalowa nzeru imene m'badwo wanga unalibe.

Kangolo kanabwera pambuyo. Ku Ulaya ndi ku America kuli makampani monga Croozer wa ku Germany ndi Burley wa ku United States amene amapanga tingolo ta matayala awiri tonyamulira agalu, tokhala ndi denga la nsalu ndi mazenera a ukonde. Kumeneko anthu amapalasa njinga pofuna kulimbitsa thupi kapena kukaona malo, ndipo galu wokalamba, wovulala kapena wamng'ono amakwera m'kangolomo kuti asatsale pakhomo. Achinyamata athu amaziona pa Facebook. Koma ngolo ya njinga si yachilendo kwa ife. Tinaidziwira pa ambulansi za njinga zimene mabungwe anagawa m'midzi ya kuno ndi ya ku Malawi, zokhala ndi machira ndi tenti, zonyamulira amayi oyembekezera. Mphwanga amene amawotcherera zitsulo m'tauni anatengera nzeru pa zimenezo. Anasonkhanitsa matayala awiri a njinga ya ana, mapaipi a bedi lakale ndi waya wa khola la nkhuku, n'kupanga kangolo kamene masiku a msika kamanyamula tomato ndi zigubu za madzi. Tsiku la katemera amakatsuka, n'kukabwereketsa kwa ana a m'dera lawo. Galu wake wokalamba, amene miyendo yakumbuyo inayamba kufooka, amapita naye kumunda m'menemo.

Mphwangayo anandionetsa zimene anaphunzira popanga kangoloko. Kangolo kamafunika kukhala kotsika ndi kotakata kuti kasagubuduke galu akasunthira mbali imodzi. Mkono wake umalumikizidwa pafupi ndi pakati pa tayala lakumbuyo, ndipo polumikizirapo pamafunika kupindika kuti njinga ikagwa ngolo itsale chilili. Chingwe chimamangidwa pachifuwa, osati pakhosi, ndipo chimakhala chachifupi, kuopa kuti galu angalumphe n'kudzipachika kapena kulowetsa mwendo m'sipoko. Pamwamba pamafunika mthunzi, chifukwa galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kuwefuka, ndipo dzuwa la Okutobala lingamuphe. Galu sumukweza tsiku lomwelo la ulendo. Umayamba wamudyetsera m'ngolomo ili chiimire pabwalo, kenaka kuikankha ndi manja, mpaka mantha atatha.

Palinso chifukwa china chimene galu sangathamangirenso pambuyo pa njinga monga ankachitira Adzatopa. Msewu wa ku Mocuba, umene kale unali wamatope ndi maenje, tsopano ndi wa tala. Malole amathamanga, njinga zamoto zachuluka kuposa mmene tinkaganizira, ndipo masana tala amatentha mpaka kusupula mapazi a galu. Amene amayenda msewu umenewu m'mawa amadziwa kuchuluka kwa agalu amene amapezeka atagundidwa.

Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anandifunsa tsiku lina kuti, "Achimwene, anthu akusowa chowatengera kuchipatala, inu mukuyamikira zokweza galu?" Funso lake ndi lolemera, ndipo ndimalilemekeza. M'dera limene Namondwe Freddy anagumula milatho mu Malichi 2023, limene odwala ena amanyamulidwabe pamachira, munthu wogula ngolo yodula ya galu mnansi wake akugona ndi njala sangatamandidwe ndi ine. Koma ndinawayankha kuti, "Bambo, njinga imene yatengera galu kukabayitsa lero ndi imene yapeputsidwa ulendo wotengera mwana wolumidwa mawa." Dengu la nkhuku ndi malegeni sizilanda wodwala aliyense malo. Galu amadya m'mbale zathu zotsala, amagona pamene ana athu amakwawa, amawoloka Muloza ndi Ruo popanda chiphaso. Thanzi lake ndi la pakhomo ponse, ndipo galu wosabayidwa wa ku Milange ndi ngozi kwa mwana wa ku Limbuli, chimodzimodzinso wa ku Limbuli kwa mwana wa kuno.

Makolo athu ankalemekeza galu chifukwa cha ntchito yake. Ana athu awonjezapo chinthu china: akudziwa kuti amene waweta ali ndi ngongole kwa chiweto chake ndi kwa anansi ake. Choncho inu amene muli ndi galu pakhomo, mukamva kuti a katemera afika, musanene kuti n'kutali kapena kuti galu wanu ndi wovuta. Bwerekani dengu, bwerekani ngolo, mukwezeni panjinga, ndipo chaka chamawa mudzapitenso. Mwana akalumidwa, ngakhale bala likhale laling'ono bwanji, tsukani ndi sopo ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.